NKHOKWE YA MAKINA NAYONSO IFUNA WOISAMALA

Kulibe mlimi wa ku Katete, Petauke kapena Lundazi amene sanamvepo mau akuti, "Bwerani mawa, makina sali kugwira nchito." Amai ayenda mtunda wautali ndi mwana kumbuyo kupita ku kiliniki, abambo apalasa njinga m'bandakuca kukatenga feteleza, ndipo onse awiri abwerako ndi yankho lomwelo. Ambiri a ife timangopukusa mutu ndi kunena kuti netiweki yavuta. Nthawi zina ndi netiweki ndithu. Koma nthawi zina bvuto limakhala kutali, m'nyumba ya makompyuta mmene maina athu asungidwa. Lero ndifuna ticeze za nyumba imeneyo, popeza cakudya cathu ndi umoyo wa ana athu zayamba kudalira pa iyo.

Kale kalaliki anali kulemba zonse m'buku ndi kulitsekera m'kabati. Masiku ano zimene namwino alemba pa kompyuta kapena pa foni zimapita pa intaneti kukasungidwa m'makompyuta akulu ochedwa maseva, oimikidwa m'mizere m'nyumba yozizira, amene sazimitsidwa usana ndi usiku. Pa Cingerezi amacha zimenezi "cloud", ndiko kuti mtambo, koma dzinali lisatipusitse ai. Kumwamba kulibe kanthu. Ndi makina a citsulo okhala pansi pano, amene amadya magetsi, amatentha, amakalamba ndiponso amafa. Ife tingangoti ndi nkhokwe ya makina.

Pali njira ziwiri zokhalira ndi nkhokwe yotere. Yoyamba ndi kubwereka malo kwa makampani akulu monga Amazon, Microsoft ndi Google, ndi kumalipira mwezi ndi mwezi. Yaciwiri ndi kugula makina ako ndi kuwayendetsa ndi mapulogiramu amene pa Cingerezi amati "open source". Awa ndi mapulogiramu otseguka: kalembedwe kace sikabisidwa, ndipo munthu ali yense ali ndi ufulu wowatenga, kuwawerenga, kuwasintha ndi kuwagwiritsa nchito osagula cilolezo. Afanana ndi mbeu ya makolo imene mlimi asunga, nabzala, nagawirako mnzace osapempha kwa wina.

Mapulogiramu otere si acilendo pa dziko. Mu 1991 wophunzira wina wa ku Helsinki, Linus Torvalds, anayamba kulemba Linux, imene lero iyendetsa maseva ambiri a pa dziko lapansi. Mu 2010 bungwe la NASA la ku America ndi kampani ya Rackspace anayambitsa OpenStack, pulogiramu imene isonkhanitsa maseva mazanamazana kuti agwire nchito monga nkhokwe imodzi. Bungwe la asayansi la CERN, pafupi ndi Geneva, lakhala liri kuigwiritsa nchito kuyambira 2013. Ngakhale kuno kwathu, Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ciwerengero ca odwala malungo, ana olandira katemera ndi amai oyembekezera kupyolera mu DHIS2, pulogiramu yotseguka imene iyang'aniridwa ndi University of Oslo ku Norway.

Maganizo anga ndi akuti njira imeneyi ndi yoyenera dziko longa lathu, ndipo Boma licita bwino pamene liitsata. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Cimene ciri caulere ndi pulogiramu cabe. Makina, magetsi ndi malipiro a anthu oyang'anira, zonsezi zifuna ndalama caka ndi caka. Tonse tidziwa mijigo imene inatsegulidwa ndi ng'oma ndi nthungululu, koma patapita zaka ziwiri inaima cifukwa ca kamphira kakang'ono kamene panalibe woti akagule. Mjigo wotero sunafe cifukwa unali woipa ai. Unafa cifukwa pa tsiku lotsegulira palibe anafunsa kuti adzaukonza ndani, ndipo ndi ndalama za yani.

Nchito yobvuta koposa pa nkhokwe ya makina ndiyo kuikamo mapulogiramu atsopano m'malo mwa akale. Olemba OpenStack amaturutsa mtundu watsopano kawiri pa caka, miyezi isanu ndi umodzi iri yonse, ndipo mtundu wakale amaleka kuukonza pakapita nthawi. Wina angafunse kuti, ngati cinthu ciri kugwira nchito, ncifukwa ninji kucigwedeza? Yankho ndi lakuti m'pulogiramu iri yonse mumapezeka ming'alu imene olemba sanaione poyamba. Mng'alu ukadziwika, olemba amaturutsa cigamba cace, koma pa nthawi yomweyo mbala nazonso zimadziwa polowera.

Zimene zinaonekera kampani ya Equifax ku America zitiphunzitse. M'mwezi wa March 2017 kunapezeka mng'alu mu pulogiramu yotseguka yochedwa Apache Struts, ndipo cigamba cinaturuka mwezi womwewo. Kampaniyo sinaike cigambaco pa makina ace ena. Pofika May mbala zinali zitalowa, ndipo zinatenga maina ndi manambala a zitupa za anthu pafupifupi 147 miliyoni. Mlandu sunali wa pulogiramu, koma wa amene anacedwa kumata. Ngati zotere zinacitikira kampani yolemera, nanga ofesi imene iribe ndi munthu mmodzi yemwe woikidwa pa nchito imeneyi idzapulumuka bwanji?

Kucedwa kuli ndi bvuto linanso. Amene angokhala zaka zinai osasintha kanthu sangalumphe kamodzi kufika pa mtundu watsopano; afunika kukwera makwerero onse amene anawasiya, limodzi ndi limodzi, ndipo pa khwerero liri lonse cinthu cingathyoke. Poona bvutoli, kuyambira 2023 a OpenStack anakonza zoti munthu angathe kusintha kamodzi pa caka m'malo mwa kawiri. Ngongole yace yacepa, koma siinathe.

Kusintha kwabwino kuli ndi mwambo wace. Poyamba akatswiri amayesa pulogiramu yatsopano pa makina apadera amene alibe maina a anthu. Kenaka amakopera zonse ndi kuzisunga pena, kuti zikabvuta abwerere pamene anayambira. Pambuyo pace amasamutsa nchito kucoka pa seva imodzi kupita pa inzace, nakonza yopanda kanthuyo, nabwezeramo nchito, ndi kupita pa yotsatira, monga mmene timacotsera cimanga m'nkhokwe imodzi tisanaikonze. Zikacitika motere, namwino wa ku Chadiza sadziwa nkomwe kuti usiku kunali nchito. Ndiponso nthawi iyenera kusankhidwa mwanzeru. Makina a feteleza asagwedezedwe mu October kapena November pamene mlimi ali kuyang'ana kumwamba. Akonzedwe m'miyezi ya cisanu, anthu atakolola.

Kukopera kumeneku nako kufuna nzeru. Pa 10 March 2021 moto unatentha nyumba ya maseva ya kampani ya OVH mu mzinda wa Strasbourg ku France. Ena mwa obwereka malo anataya zonse, cifukwa zimene anakopera zinali pa malo omwewo. Mlimi wanzeru sasunga mbeu yonse pansi pa denga limodzi. Nkhokwe ya ku Lusaka ikhale ndi inzace kutali, ndipo oyang'anira aziyesa kawirikawiri ngati zokoperazo zitseguka ndithu. Tisaiwalenso cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Nyumba ya maseva yopanda mabatire, majenereta ndi magetsi a dzuwa iri ngati cigayo copanda dizilo.

Alipo ena amene anena kuti zonsezi ndi kudzibvuta cabe, ndi bwino kungobwereka malo kwa makampani akunja amene ali ndi akatswiri zikwi ndi magetsi osazima. Mau awo ali ndi nzeru, ndipo pa nchito zina kubwereka kuli bwino koposa kumanga nkhokwe imene sitingathe kuisamala. Koma mitengo ya malo obwereka imawerengedwa m'madola, ndipo Kwacha ikagwa lendi imakwera. Komanso lamulo loteteza zinsinsi za anthu la mu 2021 linalamula kuti mbiri ya anthu a muno isungidwe m'makina okhala m'dziko lino, kupatula zimene Nduna ilola. Matenda a munthu ndi nambala ya citupa cace si zinthu zoikiza kwa mlendo mwacisawawa. Ndipo ngakhale wobwereka malo afunikabe anthu ace odziwa kuyang'anira zimene waikamo.

Cotero nkhani yonse ifika pa anthu. Zambia si mlendo pa zinthu izi: mu 1994 University of Zambia, kupyolera mu ZAMNET, inalumikiza dziko lino ku intaneti pamene maiko ambiri a mu Africa anali asanayambe. Ana athu ophunzira kumeneko, ku Copperbelt University ndi m'makoleji ena angathe nchito imeneyi, popeza mapulogiramu otseguka sabisa kanthu kwa wofuna kuphunzira. Cofunika ndi kuwalemba nchito yokhazikika ndi kuwalipira bwino kuti asathawire kunja. Tinaona mu 2025, pamene America inatseka bungwe lace la cithandizo la USAID, kuti cithandizo ca abwenzi cingaime tsiku liri lonse. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ndalama zosamalira makina zilembedwe m'bajeti ya Boma caka ciri conse, monga mmene zilembedwera za mankhwala ndi coko.

Nanga ife a m'midzi ticite ciani? Coyamba, tisataye makadi a ku sikelo, malisiti ndi mapepala ena amene tipatsidwa, cifukwa tsiku limene makina aima pepala ndilo mboni yathu. Caciwiri, pamene phungu wa ku Nyumba ya Malamulo kapena khansala abwera kudzatiuza za makina atsopano, tiombe m'manja, koma tifunsenso mwaulemu mafunso atatu: Adzawasamala ndani? Ndalama zace ziri kuti? Nanga akaima, wodwala ndi mlimi adzathandizidwa bwanji tsiku lomwelo? Mtsogoleri amene ali ndi mayankho a mafunso awa watibweretsera cinthu cokhalitsa. Amene alibe, tim'pemphe abwerere akafunse, ndipo adzatiuze pa msonkhano wotsatira mvula isanagwe.