Nsomba yobereka ngati mbuzi isalowe m'damu mwanu

Alimi a nsomba amadandaula za udzudzu woswana m'madamu, ndipo ena amva kuti kunja kuli tinsomba todya mphutsi za udzudzu, totchedwa gambusia ndi guppy. Ine ndikuti tinsombati tisalowe m'madzi athu, ndipo chifukwa chake chili pa kaberekedwe kake.

Makumba amaikira mazira, koma izi zimabereka ana amoyo pakatha pafupifupi mwezi umodzi. Yaimuna ili ndi chipsepse chosongoka chimene imalowetsera umuna m'thupi mwa yaikazi, ndipo kawirikawiri siifunsira, imangoizembera chakumbuyo. Ku Trinidad, kwawo kwa guppy, akatswiri anapeza mu 1994 kuti yaikazi imavutitsidwa pafupifupi kamodzi pa mphindi iliyonse, mwakuti nthawi yake yodya imachepa. Yaimuna ikufuna ana ambiri, yaikazi ikufuna kudya ndi kusankha bambo wabwino. Mkanganowu waumba matupi awo: nsonga ya chipsepse chija ili ndi tingowe tothandiza pokakamiza, pomwe yaikazi imakumana ndi zazimuna zingapo n'kusunga umuna wawo kwa miyezi.

Ngozi yagona pamenepa. Yaikazi imodzi yokha ikhoza kubereka kangapo popanda yaimuna pafupi. Mu 2011 ofufuza anaonetsa kuti guppy imodzi yapakati, itaikidwa yokha m'thanki, inayambitsa mtundu wonse m'mathanki ambiri amene anayesa.

Zimasinthanso msanga. Mu 1976 guppy zina zinasamutsidwira kumtunda kwa mtsinje wa Aripo kumene adani ndi ochepa, ndipo patatha zaka 11 zidzukulu zake zinkachedwa kukhwima n'kumabereka ana ochepa koma akuluakulu. Nsomba yotere siivutika kuzolowera madzi achilendo.

Ena ati malungo akupha ana, bwanji osayesa? Anthu a ku Australia anayesa gambusia mu 1925. Udzudzu sunathe, koma kansombako kanafalikira n'kumadya mazira ndi ana a nsomba ndi achule a komweko. Damu likasefukira m'dzinja madzi amapita kumtsinje, ndipo mtsinje umathera kunyanja kumene kuli chambo.

Choncho lambulani udzu m'mphepete mwa damu pamene mphutsi zimabisala, gonani m'masikito, ndipo munthu akakupatsani nsomba yachilendo yambani mwafunsa alangizi a za nsomba. Chakudza sichiimba ng'oma.