Pa Bandawe timangodutsa

Amalonda anzanga, mlamu wanga wabwerako ku Mumbai komwe anakaoda nsalu. Akuti pa Gateway of India, chipata chomwe anamaliza kumanga mu 1924, ojambula zithunzi ndi ogulitsa tiyi amadyera pomwepo.

Manyazi anandigwira. Zaka zonsezi ndimachoka ku Mzuzu kukaoda usipa ku Tukombo, koma pa Bandawe ndimangodutsa. Sabata yatha ndinatsikapo. Apatu m'pamene a Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1881 kuchoka ku Cape Maclear. Tchalitchi chakale chilipo, manda a amishonale alipo. Alendo awiri anafunsa madzi akumwa, wogulitsa panalibe!

Nanga ife tizingolimbirana mabenchi m'tauni? Mwezi wamawa ndipitako ndi madzi ndi mandasi. Musadzati sindinakuuzeni.