Zaka 40 Si Madzulo a Moyo

Ambiri a ife kuno ku Chipata tikafika zaka 40 timayesa kuti masewera ndi a ana a sukulu. Abambo timangokhala pa mpando kumvera mpira pa wailesi, amai nawo ndi nchito za pakhomo zokhazokha. Tsono thupi lilemera, BP ndi shuga zilowa mwakacetecete, ndipo abwenzi akale timangoonana pa maliro.

Tamvani za amai anai a ku India. Lovely Choubey anali wapolisi. Pinki anali mphunzitsi. Nayanmoni Saikia anali kugwira nchito ya zankhalango. Mtsogoleri wao anali Rupa Rani Tirkey. Onse anayamba ndi masewera ena, kenaka anatembenukira ku bowls, masewera amene ngakhale kwao anthu ambiri sanali kuwadziwa.

Mu bowls simuthamanga ai. Pa kapinga wometedwa bwino amaikapo kampira kakang'ono kochedwa jack, ndipo aliyense amakunkhuniza mpira wake kuti ukaime pafupi nako. Mpirawo suyenda molunjika, umakhota, cotero wopambana ndi wodziwa kuyesa mphamvu ya dzanja lake. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa 2 August 2022, pa masewera a Commonwealth a ku Birmingham, amai aja anagonjetsa South Africa 17 kwa 10 nalandira mendulo ya golide, yoyamba ya dziko lao m'masewera amenewa. Zambia nayonso yatumizapo osewera bowls ku Commonwealth.

Sitikunena kuti tonse tidzakwera ndege. Koma taonani: mwa amai anaiwo panalibe amene akanapambana yekha. Anafunikana, napirirana zophonya, nasunga nthawi yokomana. Ici ndico cimene cikusowa pakati pa ife a zaka za pakati. Ana akakula nacoka, munthu wopanda anzake amayamba kucezera botolo, ndipo banja ndilo limalira.

Kapinga wa bowls ngodula, koma nsolo pansi pa mtengo wa mango sufuna ndalama. Njinga tiri nazo zambiri, ndipo mapiri ozinga mzinda wathu salipiritsa wokwera. Mwezi uno pezani anzanu atatu, kaya a ku Kapata kaya a ku mudzi, mupangane tsiku limodzi pa sabata. Acinyamata akakusekani, asiyeni aseke. Iwonso zaka 40 zikuwadikira, ndipo adzatsata njira imene ife tawalambulira.