MADZULO A SEPUTEMBALA

Mphepo ya Ogasiti yaleka ndipo zofunda zolemera tazipinda. Mitengo ya miombo yaphuka masamba ofiira mvula isanagwe, jakaranda wacita maluwa m'miseu ya mu Lusaka, ndipo timango tayamba kulendewera. Iyi ndiyo nyengo yokhala panja madzulo.

Koma kodi ndi mabanja angati amene akali kuceza pabwalo? Tikangotha kudya nsima, tonse tithamangira ku wailesi yakanema, ndipo palibe wofunsa mnzace m'mene wacomera.

M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a mu Kariba, magetsi anali kuzima kwa maola ambiri. Kanema wathu anakhala cete. Tinayala mphasa pakhonde, ndipo mwana wanga wamkazi anatenga buku la Cinyanja kuti atiwerengere pa nyali ya sola. Apo m'pamene ndinazindikira cinthu comvetsa cisoni: mtsikana wa mu Giredi 5 anali kudodoma pa liu lililonse. Ine atate ace sindinali kudziwa zimenezi.

Kanema si mdani ai. Atiuza nkhani za dziko ndi kutiseketsa. Colakwa ndi cathu ife makolo. Kuyambira pamenepo, kwathu timazima kanema kwa ola limodzi, kaya magetsi alipo kaya palibe. Mwana awerenga, ife timvetsera. Lero sadodomanso.

Mvula ya Novembala isanatithamangitsire m'nyumba, yalani mphasa muyese inunso. M'mera m'poyamba.