Maroboti anzeru sayaka popanda magetsi

Akonzi,

Nkhani yomwe inatuluka m'nyuzipepala ino, yonena kuti makina amakono ndiwo adzathetse kuthithikana kwa magalimoto mu Lusaka, yalumpha mfundo imene amalonda a ku Lundazi, omwe amanyamula mtedza ndi nyemba kupita ku msika wa Soweto mumzindawu, amaiona ndi maso. Maroboti anzeru, omwe ndi nyali za pamphambano zowerenga magalimoto ndi kusintha zokha nthawi yoyaka, amadalira magetsi, ndipo mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse.

Makamera ojambula othamangitsa galimoto, omwe bungwe loona za chitetezo cha pamsewu la RTSA linaika mu 2018, amagwira olakwa koma sawonjezera basi ngakhale imodzi. Milatho ya m'mwamba ya ku Makeni, Arcades, Longacres ndi Munali inapeputsa mphambano zina, pomwe Yango, njira yoitanira takisi pa foni, imathandiza okhawo ali ndi intaneti ndi ndalama, kusiya unyinji wa ku Kanyama ndi Matero ukupanikizana m'maminibasi.

Boma liyambe ndi mabasi aakulu oyenda pa nthawi yoikika m'njira yawoyawo, ngalande zochotsa madzi a mvula, ndi maroboti oyendera mphamvu ya dzuwa, kenako makinawo abwere kudzathandizira. Lisaiwalenso msewu wa Chipata–Lundazi, chifukwa likulu limadya zimene maboma akumidzi alima.

Wowerenga wokhudzidwa,
Lundazi