Chibonga changa, mfuti zawo

Sabata ziwiri zapitazo mbava zidathyola ofesi ya a hedi pasukulu imene ndimaphunzitsa. Zidanyamula mabatire awiri a sola, laputopu yomwe timatayipira mayeso ndi matumba atatu a ufa wa ana ogonera. Alonda athu, bambo wachikulire amene zida zawo ndi chibonga ndi tochi, zidawamanga ndi linya n'kuwagoneka chafufumimba kuseri kwa kalasi ya Fomu 1. Iwo akuti mmodzi mwa anyamatawo adanyamula chinthu chachitali chokulunga m'saka. Kaya idali mfuti, kaya mpini wa khasu, akuti sadafunse. Ine ndikuti adachita bwino.

M'mawa mwake palibe adalowa m'kalasi nthawi yabwino. Tidaunjikana m'stafu, tiyi akuzizira m'makapu, aliyense akusimba zimene akadachita akadakhalapo. Mnzathu wina wophunzitsa masamu, amene adakhalako ku Joni zaka ziwiri asadabwerere ku choko, ndiye adaitosa nkhani: "Aphunzitsi, tisanamizanepo apa. Sukulu igule mfuti, apo ayi ine ndikagula yanga."

Basi macheza adasanduka msika wa zida. Iye akuti kamfuti ka m'thumba kogona nako kunsi kwa pilo. Wina akuti ayi, yosakira nyama ya mipope iwiri, chifukwa ikangolira mbava imathawa kusiya nsapato. Madamu ena adati iwo munsi wawo ndi agalu awiri sizidawakhumudwitsepo. Atandifunsa ine, ndidati chibonga ndi wezulo. Adaseka mpaka wina kutsamwa tiyi, amvekere mphunzitsi wa mbiri yakale wakakamira zakale zomwezo. Belu lidalira ndisadayankhe, choncho ndiloleni ndiwayankhire pano, poti ndikudziwa kuti nyuzi ino amaiwerenga.

Funso loti munthu wamba azisunga mfuti kapena ayi maiko adaliyankha mosiyana zedi, ndipo yankho la dziko lililonse lili ndi kumene lidachokera.

Ku America mfuti ndi ufulu wolembedwa m'malamulo aakulu a dziko kuyambira 1791. Apo n'kuti anthu akumeneko atangotha kumene nkhondo yochotsa ulamuliro wa Angerezi, nkhondo imene alimi ambiri adapita ndi mfuti zawozawo. Adatulukamo ndi phunziro loti boma ndi chinthu chosachikhulupirira kwambiri. Mu 2008 khoti lawo lalikulu lidatsimikiza kuti munthu payekha ali ndi ufulu wosunga mfuti m'nyumba kuti adziteteze. Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva lidayerekeza kuti mu 2017 anthu wamba kumeneko adali ndi mfuti 393 miliyoni, kutanthauza mfuti 120 pa anthu 100 alionse. Mfuti kuchuluka kuposa anthu, muwerengere ndi makanda omwe. Mmene ife timatsutsirana kuti foni yosunga moto ndi Tecno kapena Itel, anzathuwo amatsutsana za Glock ndi AR-15.

Sindikufuna kuwanyoza. Mlimi wa kuchigawo cha Montana, amene polisi ili kutali ndi munda wake kuposa mmene ilili ndi sukulu yathu, akamati sangadikire thandizo mbava ili pakhomo, akulankhula mawu omwe aja a mnzanga wa masamu. Ndimamumvetsa.

Koma onani mtengo wake. Mu 2021 mokha anthu oposa 48,000 adafa ndi mfuti m'dzikomo, ndipo oposa theka mwa iwo adadziombera okha. Apa mpomwe ndimaima nthawi yaitali. Kuno kwathu sabata siitha osamva kuti bambo wina wadzikhweza chifukwa cha ngongole kapena nkhani za m'banja, ndipo ife aphunzitsi katapila timamudziwa bwino. Wa chingwe nthawi zina amamupeza akupumabe n'kumudula. Wa mankhwala amathamangira naye kuchipatala. Mfuti ya kunsi kwa pilo siisiyira munthu mphindi yosinthira maganizo.

Ndiye pali nkhani ya sukulu, imene imandikhudza ngati mphunzitsi. Pa 24 May 2022 mnyamata wa zaka 18 adalowa pasukulu ya pulayimale ku Uvalde m'chigawo cha Texas ndi mfuti imene adagula mwalamulo atangokwanitsa zakazo. Adapha ana 19 ndi aphunzitsi awiri. Apolisi ndi achitetezo oposa 370 adafika pamalopo, onse ndi mfuti, koma padatha mphindi 77 asadalowe m'kalasimo. Yankho la zigawo zina lakhala loti aphunzitsi nawo azinyamula mfuti, monga Tennessee idavomerezera mu 2024. Ndikamva zimenezi ndimadziyang'ana ndekha. Ine munthu woti makiyi a kabati ndimawaiwala pa tebulo kawiri pa sabata, cholembera chofiira chimasowa ndili pomwepo, m'kalasi mwa ana 90. Mundipatse mfuti ndizilowa nayo ku Fomu 2?

Chisoni chonga cha ku Uvalde chidagwanso ku Britain, koma iwo adakhotera kwina. Pa 13 March 1996 bambo wina adalowa pasukulu ya pulayimale ku Dunblane m'dziko la Scotland ndi mfuti zazing'ono zimene adali nazo chiphaso, n'kupha ana 16 a zaka zisanu ndi zisanu n'chimodzi pamodzi ndi mphunzitsi wawo. Katswiri wa tenisi Andy Murray adali mwana wa sukulu yomweyo tsikulo. Makolo adayenda kusonkhanitsa masiginecha, ndipo pofika kumapeto kwa 1997 mfuti zazing'ono za m'manja zidaletsedwa pafupifupi zonse. Mpaka lero apolisi ambiri oyenda m'misewu ya London sanyamula mfuti. Australia nayo, munthu mmodzi atapha anthu 35 ku Port Arthur mu April chaka chomwecho cha 1996, boma la John Howard lidagula mfuti pafupifupi 650,000 kwa eni ake n'kuziphwanya.

Ku Japan ndiye n'kovuta kuposa kulowa yunivesite. Wofuna mfuti yosakira nyama amakhala m'kalasi, kulemba mayeso, kuyesedwa kuombera, kupimidwa mutu ndi dokotala, apolisi n'kufufuza mbiri yake, ndipo pakatha zaka zitatu chiphasocho amakachikonzanso. M'dziko la anthu oposa 120 miliyoni, zaka zina ophedwa ndi mfuti za achiwembu safika 10. Amene adapha nduna yaikulu yakale Shinzo Abe mu July 2022 adachita kupanga yekha mfuti ya mapaipi, m'bale wake wa gogodela wathuyu.

Koma wina asathamangire kunena kuti mfuti zikachuluka maliro amachuluka basi. Switzerland ikutsutsa zimenezo. Kumeneko amuna amaphunzira usilikali ndipo ambiri amasunga mfuti ya boma kunyumba. Ku Zurich chaka ndi chaka kumakhala mpikisano wa kuombera wa anyamata ndi atsikana a msinkhu wa ana athu a sekondale. Komabe kuphana n'kochepa kwambiri. Kusiyana kwake ndikuona kuti kuli apa: mfuti ya ku Switzerland ndi yotetezera dziko, mwini wake adaphunzitsidwa ndipo amadziwika. Ya ku America ndi ya munthu amene watsimikiza mumtima kuti tsiku la tsoka adzakhala yekha. Chida chimene munthu amasankha chimaulula amene akuyembekeza kuti adzabwera akakuwa. Mngerezi ndi Mjapani amayembekeza wapolisi. Mwamerika sayembekeza aliyense.

Nanga ife? Kwathu ndi ku Ntcheu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire, kotero kuti ukangodumpha tala uli ku Mozambique. Ndidabadwa nkhondo ya anansi athuwo ili kumapeto, koma ndidakula ndi nkhani zake. Bambo anga amasimba za anthu othawa amene adadzaza midzi yathu, ndi za mfuti zimene zidatsalira m'manja mwa anthu mtendere utabwera mu 1992, n'kuyamba kulira usiku m'magolosale a mbali ino. Dziko la Mozambique lili ndi AK-47 pambendera pake, pambali pa khasu ndi buku, koma ndi komweko kumene Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo adayambitsa ntchito mu 1995 yoti wobweretsa mfuti azipatsidwa khasu, njinga kapena makina osokera. Anthu amene adaiona mfuti pafupi ndi amene adafola kukaisinthanitsa ndi khasu. Kunonso achikulire akukumbukira December 1993 pamene asilikali adalanda zida za Apayoniya pa Operation Bwezani. M'mutu mwa Mmalawi wamba mfuti ndi ya boma kapena ya chigawenga. Chiphaso chilipo, chimachokera kupolisi, ndipo ena a mabizinesi ndi maesiteti ali nacho, koma sindidamvepo bambo akulonjeza mwana wake mfuti akakhoza mayeso. Agogo anga adali ndi gogodela yoopsezera nguluwe kumunda, koma pochoka panyumba chimene ankanyamula ndi chibonga, monga Mngoni aliyense.

Mnzanga wa masamu akamanena za mfuti, amanena ndi mantha amene adabwera nawo kuchokera ku Joni, ndipo si mantha opeka. Tonse tikukumbuka mmene Lucky Dube adaomberedwera ku Rosettenville mu October 2007 ndi anthu ofuna galimoto yake, akutsitsa ana ake. Koma South Africa yomweyo idationetsanso Oscar Pistorius, amene usiku wa pa 14 February 2013 adaombera kanayi chitseko cha chimbudzi n'kupha bwenzi lake Reeva Steenkamp. Iye adauza khoti kuti ankayesa mbava. Khoti la apilo lidamupeza wolakwa pa mlandu wakupha, pa mfundo yoti kaya ankaganiza kuti m'katimo muli yani, ankadziwa kuti akhoza kupha munthu.

Nkhani ya Pistorius imandizizira m'nkhongono chifukwa cha zimene zidandichitikira dzinja lathali. Udali usiku cha m'ma 1 koloko, mvula ikusokosa pamalata. Mayi a kunyumba adanditsina: "Bambo, pawindo pali munthu." Ndidamvadi wina akupalasa galasi. Ndidatenga chibonga kuseri kwa chitseko, mawondo akuombana, n'kutulukira khomo la kumbuyo. Chithunzithunzi cha munthu chidali chilili pawindo la kuchipinda kumene kumagona ana anga. Ndidakuwa kuti ndani, koma mvulayo idameza mawu anga ndi ake omwe. Chibonga sichifika patali, choncho ndidayenera kuyandikira. Phazi loyamba, lachiwiri, pa lachitatu chibonga chili m'mwamba ndidamva: "Ndine sala, ndine! Musandimenye!"

Adali mnyamata wanga wa Fomu 3, mmodzi mwa amene amachita lendi m'mudzi wapafupi. Mnzake wogona naye adali atakomoka ndi malungo, ndipo pamalo pano njinga yamoto ndili nayo ndine. Akuti adagogoda kukhomo mpaka kutopa, ndiye adazungulira kuwindo. Tidamunyamula wodwalayo usiku womwewo, ndipo lero ali m'kalasi.

Ndimadzidziwa mantha amene ndidali nawo. Ndikadakhala ndi kamfuti kaja sindikadayenda mapazi atatuwo. Ndikadaombera ndili pakhomo, ndipo m'mawa ndikadauza makolo a mwanayo, amene adagulitsa mbuzi kuti alipire fizi, kuti ndimayesa mbava. Chibonga chimakukakamiza kufika poti umuone munthu nkhope. Ndicho chifukwa chake ndidachitchula m'stafu muja, osati chifukwa chokonda zakale.

Za wezulo ndiye ndili ndi chikaiko changa, ndisabise. Wezulo amaitana mudzi, ndipo ubwino wathu ndi woti mudzi umabweradi, ena ndi zikwanje, ena ndi mipini, ena ndi mabulangete okha. Koma mudzi womwewo ndi umene umaveka wakuba tayala n'kumuthira petulo chifukwa cha nkhuku, ndi umene umagenda agogo powaganizira ufiti. Kusowa mfuti sikudatisandutse angelo. Tsono gulu lolusa chonchi, aliyense atakhala ndi mfuti m'thumba, pamaliro okayikitsa kapena pampira wa ma 5 koloko oimbira akalakwitsa, bwenzi zikutha bwanji?

Ndipo mnzangayo ali ndi mfundo imene sindingaitsutse. Usiku wa mbava uja thandizo lidafika dzuwa litakwera, alonda athu atagona pansi maola angapo manja atatupa. Ngati tikufuna anthu asalakelake mfuti, akakuwa pazikhala wobwera. Ku Japan munthu amagona wopanda chida chifukwa kanyumba ka polisi kali pafupi ndi kwawo. Ife timauzidwa kuti galimoto ilibe mafuta.

Komiti ya sukulu idakumana Lachinayi. Nkhani ya mfuti idatha m'mphindi zochepa a mfumu atafunsa kuti ikasowa adzayankhe ndani. Adagwirizana zolemba mlonda wachiwiri, kuika zitsulo m'mawindo a ofesi, mababu a sola anayi, ndi mawezulo kwa alonda, aphunzitsi ndi nyumba zoyandikana ndi sukulu. Alonda athu atafunsidwa chimene akufuna, sadatchule mfuti. Adapempha majombo ndi jasi la mvula.

Mnzanga wa masamu sadagonje. Akuti malipiro akalowa akafunsa kupolisi za mafomu a chiphaso, ndipo ndi ufulu wake kutero. Nyumba yake ndi yanga zidagundana khoma. Dzulo pa asembule ndidawauza ana ogonera ndi a lendi kuti wina akadwala usiku azibwera kukhomo kwanga monga kale, koma aziyamba kutchula dzina lawo mokweza akadali pa mtengo wa mango uja, ndipo asamazungulire kuwindo la aliyense.