Wolipila Motoka Ndiye Ayenela Kulamula Liwilo

Anthu ambili a m'makomboni amadumpha malile kukaoda katundu. Ena amapita ku Lilongwe kudzela pa Mwami, ena ku Tete kudzela pa Chanida, ndipo ena amafika ku Dar es Salaam kudzela pa Nakonde. Katundu akaculuka, amasonkhelana ndalama ndi kucita hayala motoka pamodzi ndi dalaivala wake. Pa mtengo amakambilana mpaka thukuta kutuluka. Koma za matayala, mabuleki ndi tulo ta dalaivala palibe amene amafunsa. Apa ndiye pagona vuto.

Lipoti la World Health Organization la caka ca 2023 linaonetsa kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamseu caka ciliconse, ndipo poyelekeza ndi kuculuka kwa anthu, imfa zimenezi zaculuka koposa mu Africa. Acipatala amadziwa bwino mmene ovulala amafikila: mutu wosweka, nthiti zothyoka, kapamba wong'ambika amene amataya magazi m'mimba munthu akali kulankhula. Fupa la m'nchafu likathyoka, munthu angataye lita imodzi ya magazi kapena kuposa, popanda dontho kuoneka kunja. Zotele zikacitika kudziko la eni, wovulala sakhala ndi m'bale womudikilila pa bedi, ndipo mwina sadziwa Cipwitikizi kapena Ciswahili cakuti auze adokotala pamene pamupweteka.

Conco amene walipila motoka ndiye bwana pa ulendowo, ndipo ayenela kulankhula. Cimene cimapha ambili ndi manyazi. Mai akuona kuti dalaivala akuthamanga kwambili kapena akununkha mowa, koma amakhala cete poopa kuoneka wamwano. Ulemu wotelowo sulela ana. Kunena kuti, "A dalaivala, cepetsankoni liwilo," si cipongwe ai. Akakana kumva, ndi bwino kutsika pa tauni yotsatila ndi kufuna motoka ina.

Nchito imayamba ulendo usanayambe. Akulu anati safunsa anadya phula. Dalaivala wabwino amapezeka mwa kufunsa amalonda anzake amene anayendapo naye, osati kungotenga uja woitanila pa sitesheni. Wapaulendo aone laisensi ndi mapepala a inshuwalansi. Azungulile motoka ndi kuona ngati matayala ali ndi mizele yake kapena anasalala, ngati tayala lapadela lilimo, ndi ngati magetsi onse akuyaka. Nambala ya motokayo aitumize kwa abale kunyumba.

Mpando uliwonse ukhale ndi lamba wogwila nchito. Kwa okhala kutsogolo, lamba amacepetsa ngozi ya imfa ndi pafupifupi theka. Wokhala kumbuyo nayenso amange, cifukwa motoka ikagunda amaponyedwa kutsogolo ndi kuvulaza mnzake. Mabelo ndi makatoni osamanga amacita cimodzimodzi.

Tulo ndiye mdani wina wamkulu. Motoka yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda mamita 28 pa sekondi imodzi. Dalaivala akawodzela masekondi atatu cabe, motoka yayenda mamita oposa 80 popanda woiyendetsa. Kucokela pa Tunduma kukafika ku Dar es Salaam pali makilomita oposa 900, ndipo munthu mmodzi sangaumalize mseu wotele bwinobwino ngati sanagone. Afunika kuima ndi kupumula pakapita maola awili alionse. Ndi nzelu kupangana malipilo a pa tsiku, cifukwa wolipidwa pa ulendo amathamanga kuti abwelele msanga kukatenga anthu ena. Foni nayonso aiike pansi poyendetsa.

Palinso za mbali ya mseu. Ku Malawi, Mozambique, Tanzania, Zimbabwe ndi South Africa mamotoka amayenda kumanzele monga mu Zambia. Koma munthu akadumpha pa Kasumbalesa kulowa mu Congo, kapena akafika ku Angola, Dubai ndi China, amayenda kumanja. Potsika motoka ndi podutsa mseu, maso amayamba kuyang'ana kumene anazolowela, ndipo sekondi imodziyo ndi yokwanila kugundidwa.

Ena adzanena kuti ndalama zakunja ndi zovuta, ndipo kuyenda usiku kumapulumutsa ya malo ogona. Zimenezo ndi zoona, cifukwa phindu la wamalonda wamng'ono ndi locepa. Koma usiku ndi pamene tulo timagwila, mathilaki owonongeka amaima pamseu opanda magetsi, ndipo thandizo limacedwa kufika. Ndalama ya cipinda ca usiku umodzi ndi yaing'ono poyelekeza ndi ya cipatala ca kunja, kapena ya kubweletsa malilo kudutsa pa malile. Ngongole yotelo imatsala ndi ana.

Comaliza, wapaulendo aliyense asunge kapepala m'pasipoti kolembapo gulu la magazi ake, matenda amene ali nawo monga shuga kapena BP, mankhwala amene amamwa, ndi foni ya m'bale. Munthu wokomoka sayankha mafunso, koma kapepala kamayankha. Katundu akacedwa tsiku limodzi, pa msika adzagulidwabe. Cacikulu ndi cakuti mwini wake afike naye.